Goli la Ng'ombe Imodzi

Nyama ya ng'ombe ndinaleka kudya. Anzanga amene timagulitsa nawo nthochi pamsewu pa Nyimba amati achipatala anandiletsa, ena amati ndinalowa mpingo wa malamulo ambili. Ine sindiwatsutsa, alankhule. Koma si dokotala, si m'busa. Ndi mselu chabe, ndipo unandiyamba chaka chimene ukwati wa akulu anga unatha.

Akulu angawo ndimawatcha asisi. Iwo anatsala kumudzi kwathu cha ku Minga, pamalo a malemu amai, ine n'kubwela kuno kudzathamangitsana ndi mabasi. Amuna awo, alamu anga, anali aphunzitsi, ndipo anakwela mpaka kukhala mkulu wa sukulu. Kuyambila pamenepo dzina lawo linafa. Aliyense ankangoti ahedi, ahedi, ngakhale atapuma ntchito n'kumangokhala pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pamimba.

Uhediwo sanaupeze okha. Atawatumiza ku Sandwe, kuja msewu umatha ulendo usanathe, amene anasenza katundu pamutu, mwana ali kumbuyo, anali asisi. Malipilo akachedwa, amene ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa kwa ana a sukulu anali asisi. Atapuma ntchito penshoni inachedwa zaka, ndipo ndalama za basi zopitila ku Lusaka kukakankha mapepala zinkachokela m'munda wa asisi wa nshawa, ena amati mtedza. Ndinamva ndi makutu angawa alamu akunena kuti, "Amake ana, pililani. Penshoni ikatuluka mudzaiwala kuti khasu amagwila mbali iti." Asisi ankangoseka, n'kukawaikila madzi osamba.

Khasu analiiwaladi, koma osati chifukwa cha penshoni. Anasunga za nshawa ndi za thonje, nagula ana a ng'ombe awili amphongo, wina wofiila, wina wakuda. Anawalela, anawafulitsa, anawaphunzitsa goli okha, amuna a m'mudzi akuseka kuti mkazi wagwila pulawo, dziko latha.

Amene sanalimepo ndi ng'ombe amayesa ng'ombe ziwili ndi imodzi kuphatikiza imodzi. Iyayi. Yofiila inkayenda kumanja, mumzele momwe pulawo yadutsa kale, ndipo ndiyo inkadziwa kuwongola mzele ndi kukhota kumapeto kwa munda. Yakuda inkayenda kumanzele, posalima. Mphamvu inali nazo, koma nzelu zake zonse zinali kwa mnzake, inkangotsata. Mukanazisintha mbali, munda ukanaoneka ngati wolima anali ataledzela. Ng'ombe ziwilizo ndizo zinkadyetsa nyumba ija: ahedi, asisi, ndi adzukulu atatu amene mwana wawo wamkazi anasiya pomwalila. Zikamaliza munda wa asisi zinkalimila anthu ena, iwo n'kumalipila chimanga.

Ndiye kunabwela fungo la penshoni. Ndalama zinali zisanafike, koma mwini wake anali atanong'onezedwa kuti zayandikila. Tinangoona alamu ayamba kudetsa imvi ndi mankhwala a m'sitolo, maulendo a ku boma ku Petauke osatha. Kunyumba chilichonse chinayamba kuwanunkha. Ati asisi sadziwa kulandila alendo ophunzila. Ati akalowa m'nyumba amabwela ndi fungo la m'khola. Ha! Khola lomwelo limene linkawalipilila basi. Posakhalitsa anakasuma kukhoti kuti ukwati uthe, ndipo anathamanga nazo ngati munthu wopsa ndi moto, kuti zonse zithe ndalama zisanalowe.

Pamenepa mpamene akulowela amalume, mlongo wa malemu amai, amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo. Kwathu amalume ndiwo mwini mbumba. Ukalakwilidwa umathawila kwa iwo, ndipo mawu awo salumphidwa. Popita kukhoti anawalangiza asisi panjila kuti mkazi woleledwa bwino satchula ndalama za mwamuna pagulu, anthu anganene kuti anakwatiwila chuma. Asisi anamvela, za penshoni sanazitchule. Ukwati unatha, ndipo anauzidwa kuti katundu amene anapeza pamodzi akagawane mofanana pamaso pa ankhoswe, zikakanika abwelele.

Tsiku logawa katundu ndinasiyila mnzanga nthochi zanga n'kukwela minibasi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loti nkhuku zonse zinali yasa kukamwa pansi pa nkhokwe. Ndinapeza katundu yense wa m'nyumba ali pabwalo: mbale, mapoto, mabulangete, matilesi ndi madontho ake omwe. Anthu a m'mudzi anali atazungulila kuonelela zam'kati mwa nyumba ya mnzawo. Ndinachita manyazi m'malo mwa asisi, amene anangokhala pamphasa mutu uli pansi. Amalume anali pampando, kutentha konseko atavala jekete. Jeketeyo ndinaidziwa kuti inali ya alamu, chifukwa asisi anali ataichapa ndi kuisita kwa zaka zambili.

Kugawa kunayamba. Mbale iyi uku, iyi uku. Sofa yaitali kwa ahedi, timipando take tiwili kwa asisi. Kenaka anafika pa magetsi a dzuwa, ndipo amalume anagamula kuti sola ipite kwa ahedi, batile litsale kwa asisi.

"Amalume," ndinatelo, "batile lopanda sola liwunikila chiyani? Asisi azilikhalila ngati mpando?"

"Iwe khala chete. Si iwe unakwatiwa pano."

Alamu anaimilila, nakonza kolala ngati ali pamaso pa ana a sukulu. "Nyumba ndawasiyila amake ana," anatelo. "Ine sindine munthu wankhanza." Abale inu, anthu anawomba m'manja! Mkamwini aliyense ukwati ukatha amasiya nyumba, chifukwa malo ndi a kuchikazi, ndipo zimenezo akudziwa ndi mwana woyamwa yemwe. Njelwa zake amene anaumba ndi asisi. Alamuwo akanainyamula pamutu kodi? Koma anawawombela m'manja ngati apeleka mphatso.

Ine chinandikwela. "Nanga penshoni?"

Alamu anaseka mpaka kuonetsa dzino lawo lagolide, limenenso linali latsopano. "Penshoni iti, mlamu? Mwaiona? Tigawa bwanji chinthu chimene sichinafike? Ndipo ikadzafika, ndi mmelo wangawu umene unauma m'kalasi."

"Mmelowo ankaunyowetsa ndani?"

Amalume anamenya ndodo pansi. "Nyumba yaimila penshoni. Nkhani yatha. Tiyeni kukhola."

Apo mpamene asisi analankhula koyamba tsiku lonselo. Anachoka pamphasa, nagwada pa dothi lotentha pamaso pa mwamuna amene anali atawakana, manja ali pamodzi. Mawondo amenewo ndinadana nawo, ndipo mpaka lelo sindinawaiwale.

"Atate ake ana," anatelo, "tengani timipandoto. Tengani njinga, mbuzi zonse, batile lomwe. Ng'ombe zokha musazilekanitse. Imodzi silima. Ana awa ndidzawadyetsa chiyani?"

"Khoti yati pakati ndi pakati," anayankha alamu. "Ine ndimalemekeza malamulo."

Munthu ameneyu chibadwile sanagwilepo pulawo. Nyumba imene anali atapeza ku boma inali yalendi, yopanda ngakhale khola la nkhuku. Anaima patali ndi ndowe, mpango uli pamphuno, naloza yofiila chifukwa inali yonenepelapo.

Alamuwo ndingawatche mbuli. Koma amuna onse amene anaima pakhola paja anali alimi. Aliyense wa iwo ankadziwa kuti ng'ombe imodzi si theka la ng'ombe ziwili, kuti mukachotsa ya mumzele mwapha zonse. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, kudikila kuti wina atsokomole. Wina ankayang'ana zala za kumapazi, wina kumwamba ngati kukubwela mvula. Amalume, amene anakalambila pa pulawo, anatsegula pakamwa, ine n'kuti eya, magazi alankhula.

"Popeza ahedi ku boma alibe khola," anatelo, "ine ndiwasungila."

Pomwepo zonse zinandionekela poyela. Chaka chapitacho matenda a nkhupakupa anali atawaphela amalume ng'ombe imodzi pa ziwili zawo, ndipo imene inafayo inali ya mumzele.

Zimene ndinalankhula pamenepo sizonse ndingabweleze. Ndinawafunsa amalume ngati mwana wa mlongo wawo mtengo wake ndi jekete yakutha ndi ng'ombe yobweleka. Ndinawauza kuti malemu amai akanakhalapo akanawasanza. Iwo anati pakamwa panga panawonongeka ndi anyamata a mabasi, ndipo amene anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi anali asisi omwe. Yofiila anaimanga chingwe m'nyanga. Inakana kutuluka, anaimenya, inatuluka ikucheuka. Yakuda inazungulila khola ikufuna potulukila mpaka kukhula khosi pamitengo.

Anthu atabalalika ndinawauza asisi kuti tibwelele kukhoti, popeza anati zikakanika tibwelele. Anandiyang'ana ngati ndine mwana.

"Ndikasumile ndani? Amalume? Iwe mawa ukwela basi, ine nditsala m'mudzi muno. Mwana akadwala ndikagogoda kwa ndani? Ndikafa adzandiika ndani?"

M'mawa mwake ndinakweladi basi.

Khola la amalume lili kutsidya kwa kadambo, poti munthu akafuula umamva. M'mawa uliwonse yakuda inkalila itayang'ana kumeneko, yofiila n'kuyankha.

Mvula yoyamba itagwa ndinapitanso kumudzi. Munda woyamba kulimidwa unali wa amalume, mizele yowongoka bwino, anthu odutsa n'kumayamikila kuti mdala uyu sakalamba. Asisi anapita kukapempha kuti awabweleke yofiila masiku ochepa chabe. Anaipeza ili pagoli m'munda mwa amalume, thovu lili kukamwa.

"Mphwanga," anatelo amalume, "ng'ombe iyi si yanga, ndi ya ahedi, ine ndikungosunga. Ikakathyoka mwendo m'munda mwako ndikawauza chiyani?"

Asa! M'munda mwawo miyendo yake inali yachitsulo kapena?

Tinayesa kubweleka ya munthu wina. Anatipatsa atamaliza munda wake, ndipo nayonso inali ya kumanzele. Titazimanga pamodzi ndi yakuda, iliyonse inkakana kulowa mumzele, iyi kukokela uku, iyi uku, mpaka zinathyola zikhomo za goli. Mwini wake anatenga ng'ombe yake akutukwana. Asisi anakoleka goli pakhonde, natulutsa khasu lija anawalonjeza kuti adzaliiwala. Mai wa imvi, msana wake wovuta, kuyamba kulima ndi manja munda umene ng'ombe zinkatopa nawo, uku mvula ikupita, udzu ukukula. Aliyense ankaona kuti akapanda kuipeza yofiila msanga, chaka chimenecho nkhokwe ikhala yogonamo makoswe.

Ndinabwelela ku Nyimba ndi maganizo amodzi. Azimai a pamsewu tili ndi chilimba, timasonkha n'kumapatsana mosinthana. Ndinawapempha kuti ulendo uno andipatse ine ngakhale sinali nthawi yanga, ndipo atamva nkhani anavomela osakangana. Ndinamanga ndalamazo m'chitenje n'kupita ku boma ku Petauke kukawombola ng'ombe ya asisi.

Penshoni inali itatuluka, ndipo panalibe chofunsa. Pabwalo panali galimoto, mwini wake osadziwa kuyendetsa. Pakhomo ananditsegulila mtsikana wa zikhadabo zopaka, msinkhu wa malemu mwana wawo. Iye sindimuda kwambili, njala ndi imodzi, aliyense amaithawa m'njila yake. Alamu anali pa sofa yaitali ija, mapazi ali pa tebulo.

"Aa, mlamu! Mupatseni chozizila mlendo."

Chozizilacho sindinachikhudze. Ndinamasula chitenje n'kuika ndalama patebulo pafupi ndi mapazi awo. "Alamu, ndabwela kudzagula ng'ombe yofiila. Mutchule mtengo. Zikachepa nditsiliza."

"Bwezani ndalama zanu. Ng'ombe ija ili ndi ntchito."

"Ntchito yanji, inu simulima?"

Anayang'ana mtsikana uja, namwetulila. "Tili ndi ukwati Khilisimasi ikapita. Anthu adye."

Ndinati chabwino, ndalama izi mukagule nyama kubutchala, yochuluka kuposa ng'ombe ija. Anati ya kubutchala agula aliyense, ngakhale wogulitsa nthochi. Ndinati ndikugulilani ng'ombe ina yonenepa, yosalima, yofewa nyama. Anati apongozi awo atsopano anapita kale kukaiona kwa amalume, ndipo anaikonda, ndiye angasinthe bwanji ngati munthu wabodza. Anthu ayenela kudziwa kuti ahedi anapha ng'ombe ya m'khola mwawo.

Ine amene ndinadana ndi mawondo a asisi, ndinagwada. Ndinagwada pa simenti yopukutidwa bwino ija, ndinawatchula adzukulu awo mmodzimmodzi, magazi awo enieni. Anandiyang'ana, nakweza mawu a wailesi yakanema.

"Mlamu, nkhani ya katundu inatha mwalamulo. Mupeleke moni kumudzi."

Nditatuluka pageti ndinalavula, ndinalavulanso, koma m'kamwa simunayele. Akulu amati ukakwela pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Ine sindinaone mame alionse akuwagwela, ndipo sindikunamizani kuti anawagwela.

Chiyembekezo changa chotsala chinali dyela la amalume. Ndinkati iwo sangalole, popeza ng'ombe ikaphedwa nawonso atsala ndi imodzi. Ndinaiwala kuti munda wawo unali utalimidwa kale, ndipo anali ataitanidwa kukakhala kutebulo la akuluakulu. Anaikusa okha mpaka kumsewu, nathandiza kuikweza m'lole. Asisi anali m'munda, anangomva kulila kwake kukupita kutali.

Tsiku lotsatila ukwatiwo ndinali kumudzi, tikulimbana ndi udzu ine ndi asisi. Masana titabwela kudzapuma, tinaona amalume akubwela panjinga, jekete ili pathupi, maso ofiila ndi mowa wa dzulo. Anatsika, namasula pulasitiki yakuda pa keliyala.

"Mphwanga, ahedi sanakuiwale. Ati ana alaweko."

Asisi anapukuta manja pachitenje, nalandila ndi manja awili, mawondo atapinda. "Zikomo, amalume."

Zikomo! Ndinalumpha n'kugwila pulasitikiyo kuti ndiponyele agalu, amalume ali pomwepo aone. Asisi sanaitaye. Sindinadziwe kuti m'manja mwawo munatsala mphamvu yotelo.

"Siya," anatelo motsitsa mawu. "Ana awa chiyambile mvula sanalawe nyama."

Amalume anaona kuti pano palibe mpando wawo, anakwela njinga. Asisi anakhala pakhonde, pansi pa goli lija, natsegula pulasitiki. Inali nyama ya pakhosi, imene anthu a paukwati anaikana chifukwa cha kulimba. Ng'ombe yolima khosi lake limauma pamene pamakhala goli. Asisi anaisisita ndi chala chachikulu pamalo olimbawo, monga ankachitila akaimasula madzulo. Kenaka anandituma mpeni.

Inatha nkhuni nyama imeneyo. Itapsa ana anadya mokondwa, kunyambita zala, kulimbilana msuzi, ndipo sindingawanene, ndi ana. Asisi anati mano akuwawawa, anadyela nkhwani. Ine fungo lokha linandikwanila. Ndinathamangila kuseli kwa nyumba n'kusanza mpaka misozi.

Ndiyo penshoni imene asisi analandila. Ulendo wa ku Sandwe, zitumbuwa, nshawa, madzi osamba a zaka zonse zija, malipilo ake anali khosi la ng'ombe yawo yomwe, m'pulasitiki yakuda, ndipo anathokoza.

M'mawa mwake yakuda inaima pakona ya khola, itayang'ana kutsidya kwa dambo. Inalila, inadikila, inalilanso. Asisi anatenga makasu awili pakhonde, nandipatsa limodzi.